TIVEKE MIKONO YA MIPANDO YATHU

Mau amene mphunzitsi wa brigada analankhula kwa ophunzira a sukulu ya akulu m'boma la Angónia, chigawo cha Tete. Awerengedwe mokweza pagulu, pang'onopang'ono, mutu umodzi pa nthawi.

Tikuthokozani kuti mwasiya makasu ndi mitondo ndi kubwera kuno pa nthawi yake.

Lero sitiyamba ndi zilembo pa bolodi. Tiyamba ndi mpando uwu umene mwationa titausenza pobwera. Ndi mpando wa sofa. Eni ake ali pakati pathu pano, ndipo atilola kuti tiuonetse ndi kunena nkhani yake. Sitiwatchula dzina, pakuti nkhani yao ndi ya nyumba zambiri.

Tayang'anani bwino. Miyendo njolimba. Pokhalira mpabwino. Potsamira msana palibe pong'ambika. Tsono yang'anani mikono, pamene timaika zigongono tikakhala. Nsalu yada bii, yaperepeseka, ndipo kutsogolo kuno siponji yatulukira kunja. Mpando wonse ngwamoyo, koma mikono yatha.

Amaiwa ndi amuna ao anagula mipando itatu, wautali umodzi ndi ing'onoing'ono iwiri, atagulitsa mbatata ya kachewere ya zaka ziwiri. Anaibweretsa pa ngolo kuchokera ku Ulónguè. Mikono itang'ambika anayamba kuchita manyazi. Alendo a chinkhoswe cha mwana wao atabwera, anawayalira mphasa panja, mipando iri m'nyumba. Wina anawauza kuti: "Tayani iyi, mutenge ina pa ngongole." Wina anati: "Ipititseni kwa mmisiri ku tauni." Koma ngongole imadya chimanga cha m'nkhokwe. Ku tauni nako kumafuna ndalama ya galimoto popita ndi pobwera, kuonjezera pa malipiro a mmisiri.

Ife tikuti iripo njira yachitatu, ndipo iri m'manja mwathu. Tisokere mkono uliwonse chophimba chake, chimene tingavule, kuchapa ndi kuvekanso ngati malaya. Zofunika ndi nsalu, singano, ulusi, sizasi, ndi chinthu chimodzi chimene mwachipeza pa sukulu ino: kudziwa kuwerenga ndi kulemba manambala.

1. CHIFUKWA CHIANI MIKONO IMAYAMBA KUTHA?

Tisanachize matenda tidziwe chimene chimayambitsa. Zifukwa ziripo zinai.

Choyamba ndi thukuta. Tikachoka ku munda timakhala pa mpando ndi kuika mikono yathu pamenepa. Thukuta liri ndi mchere ndi mafuta a m'thupi. Mafutawo amagwira fumbi, makamaka m'miyezi ya chilimwe pamene mphepo imalowetsa dothi m'nyumba.

Chachiwiri ndi kukhuzika. Fumbi likalowa pakati pa ulusi wa nsalu limakhala ngati mchenga wotsukira poto. Munthu akamakhala ndi kudzuka, dzanja limakhuza pamalo amodzimodzi, ndipo fumbilo limadula ulusi pang'onopang'ono.

Chachitatu ndi kulemera. Mkono wa mpando sanaupangire kukhalapo munthu. Ana akamakwerapo, kapena wamkulu akakhala pamenepa chifukwa malo achepa, siponji imaphwanyika ndipo thabwa la m'kati limayamba kuboola nsalu pa ngodya.

Chachinai ndi dzuwa lolowera pa zenera. Limasulutsa nsalu ndi kuifoola. Mipando yokutidwa ndi chikopa cha pulasitiki, chimene m'masitolo amati napa, imauma, imang'aluka ndi kuyamba kusendeka.

Taonani tsono: nsalu ya mpando anaikhomera ndi misomali, sitingaichotse kuti tikaichape ku dambo. Litsiro la chaka chino limaunjikana pa litsiro la chaka chatha. Chophimba ndicho chimalandira thukuta, fumbi ndi kukhuzika m'malo mwa mpando. Chikada timachapa. Chikatha timasoka china. Amene mipando yanu ikadali yatsopano musadikire kuti ing'ambike. Iphimbeni tsopano.

2. KULAKWA KWATHU

Tisanakuphunzitseni, tiyenera kuulula pamaso panu pamene ife a brigada tinalakwa. Munthu wobisa kulakwa kwake amagwetsa anzake m'dzenje lomwelo.

Tsiku loyamba kuona mipando ya amaiwa tinati: "Iyi ndi ntchito yapafupi, tiimaliza dzuwa lisanalowe." Iwo anatikhulupirira chifukwa ndife aphunzitsi. Anatsegula sutikesi natulutsa kapulana yatsopano, imene anasoketsa nayo mtima kuti adzavala pa 7 Epulo, tsiku la amai a Mozambique. Anati: "Tengani iyi, mipando ikongole."

Ife sitinafunse kwa telala. Sitinachape nsaluyo. Tinayeza ndi zikhato, wina kuyeza mpando, wina kuyeza nsalu, osalemba kanthu. Sitinasiye malo a msoko. Titamaliza kusoka, chophimba chinakana kulowa. Tinachikoka mpaka msoko unaphulika. Chinzake chinalowa mokakamiza, koma atachichapa kamodzi chinafupika, sichinalowenso.

Amaiwa sanakalipe. Anangoti: "Aphunzitsi, ana anga, nsalu si chimanga. Ukaidula siiphukanso." Mau amenewa anatipweteka kuposa ndodo. Tinasonkha ndalama za m'matumba mwathu ndi kuwagulira kapulana ina. Kenaka tinapita kukakhala pa khonde la sitolo, pambali pa telala wachikulire, masiku atatu, kuyang'ana ndi kufunsa. Akulu anati safunsa anadya phula. Ife tinalidya. Zimene tikuuzeni lero tinaziphunzira titaononga nsalu ya mwini.

Ndipo amaiwa ananena zoona. Nsalu m'dziko lino siinakhalepo yotsika mtengo. Kuyambira 1938 kufikira 1961 atsamunda a Chipwitikizi anakakamiza alimi m'zigawo zambiri za Mozambique kulima thonje ndi kuligulitsa pa mtengo wochepa, eni ake ambiri akusowa chovala. Fakitale yaikulu ya nsalu ya Textáfrica ku Chimoio inatseka zaka zambiri zapitazo, ndipo makapulana ambiri amene timagula pa msika amachokera kunja, monga ku India ndi ku China. Nsalu iriyonse imene iri m'nyumba mwanu inagulidwa ndi thukuta. Tisaiseweretse ndi sizasi.

3. TIYAMBE TAKONZA MPANDO

Palibe amene amavala malaya oyera asanasambe. Mpandonso uyambe wakonzedwa.

Utulutseni panja m'mawa. Umenyeni ndi kamtengo kuti fumbi lichoke. Pukutani mikono ndi kansalu konyowa ka sopo pang'ono. Musathire madzi ambiri, chifukwa siponji imamwa madzi ndipo ikapanda kuuma imachita nkhungu ndi kununkha. Usiyeni uume bwino.

Yendetsani dzanja pa mkono wonse mosamala. Mukapeza msomali wotuluka, ukhomereni kapena uzuleni. Msomali umodzi ungathe kuboola chophimba chatsopano pa sabata imodzi.

Yang'anani m'misoko ndi m'ming'alu ya matabwa. Mukaona timadontho takuda, muli nsikidzi. Musaphimbe mpando wa nsikidzi, chifukwa mwazimangira nyumba. Nsikidzi ndi mazira ake zimafa ndi kutentha. Thirani madzi owira m'ming'alu ya matabwa okhaokha, ndipo tsukani m'misoko ndi burashi. Bwerezani pakapita sabata. Koma tikupemphani chinthu chimodzi: mankhwala opopera fodya, thonje kapena mbatata asafike pa mpando. Ndi poizoni. Amalowa pa khungu, ndipo ana aang'ono amaluma mikono ya mipando.

Pamene siponji yanyenyeka pamakhala dzenje. Dzazani dzenjelo ndi zidutswa za siponji, thonje lochotsa njere, kapena nsanza zoyera zoduladula, mpaka pafanane ndi malo ena. Kenaka ikani chigamba pamwamba ndi kuchisokera ku nsalu ya mpando. Chigambachi chisakudetseni nkhawa ngati sichikongola, pakuti chidzabisika. Chofunika nchakuti mkono ubwerere m'maonekedwe ake tisanauyeze. Mukayeza mkono wa dzenje, chophimba chidzakhala chokhota.

4. KUSANKHA NSALU

Nsalu yabwino pa ntchito iyi ndi yathonje, yokhuthala, yolukidwa mothinana. Iyang'aneni pa dzuwa. Ngati kuwala kukudutsa kwambiri, njopyapyala.

Kapulana, imene abale athu a ku Malawi amati chitenje, imagwira ntchitoyi bwino. Ngati njopyapyala, ikani nsalu ina yakale pansi pake kuti zikhale ziwiri. Zidutswa za kapulana imene tinaononga ija sizinatayike, ziri pansi pa zophimba zimene muone lero.

Pa msika pali zovala za kalamidade, zimene tsidya la malire amati kaunjika. Dzinali linachokera ku zovala za chithandizo zimene zinkabwera m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya chilala ndi nkhondo. M'milu imeneyi mumapezeka makatani okhuthala, nsalu za pa tebulo ndi mathalauza a jinzi. Jinzi njolimba koposa. Mwendo umodzi ukatambasulidwa sukwana wokha, choncho lumikizani miyendo iwiri. Imafuna singano yaikulu.

Pewani nsalu yoterera ya nailoni, chifukwa imatsetsereka pa mkono. Pewaninso nsalu yotamuka ngati ya sikipa, chifukwa imataya maonekedwe. Nsalu yoyera mbee imaonetsa litsiro msanga. Yamaluwa ang'onoang'ono ndi yoderako imabisa.

Mukasankha, chitani zinthu ziwiri musanagwire sizasi.

Choyamba, yesani ngati ikusuluka. Nyowetsani kansalu koyera ndi kukhuza pa nsaluyo. Kakasintha mtundu, dziwani kuti idzadetsa malaya a alendo anu. Ichapeni kangapo mpaka madzi atuluke oyera. Ena amati mchere umagwira utoto. Musadalire zimenezo, dalirani kuchapa.

Chachiwiri, ngakhale isasuluke, ichapeni ndithu, iume, ndipo muisite ndi simbi. Nsalu yathonje yatsopano imafupika ikachapidwa koyamba. Pa mita imodzi ingathe kutaya masentimita 3 mpaka 5. Ifupike isanadulidwe, isadzafupike itasokedwa. Apa ndi pamene ife tinagwa.

5. KUYEZA NDI KULEMBA

Tafika pa mtima wa phunziro lathu. Tsegulani makope, gwirani mapensulo.

Tipemphe abambo amodzi ndi amai amodzi abwere kutsogolo. Tambasulani zikhato zanu, muzigundanitse. Mwaona? Cha abambo chapitirira ndi zala ziwiri. Chikhato chimakwana poyeza mpata wa mapando a chimanga, pamene kusiyana pang'ono sikuononga kanthu. Pa nsalu chimanama. Sentimita siinama. Sentimita ya ku Ulónguè ndi yomweyo ya ku Tete ndi ya ku Maputo. Masentimita 100 ndiwo mita imodzi.

Tepi ya telala iri ndi mbali ziwiri. Mbali ina ndi ya masentimita, ina ndi ya mainchi. Ife okhala pafupi ndi malire tichenjere, chifukwa atelala ambiri a ku Malawi amayeza ndi mainchi. Inchi imodzi ndi masentimita awiri ndi theka, kupitirira pang'ono. Mkono wa mpando uwu pa masentimita ndi 60, pa mainchi ndi pafupifupi 24. Mukayeza mpando ndi mbali ina, nsalu ndi mbali inzake, mudzasoka chophimba cha mpando wa chidole. Sankhani mbali ya masentimita, imene manambala ake ali pafupipafupi, ndipo musaisiye.

Amene mulibe tepi, tengani chingwe chosatamuka. Yezani nacho mpando, gwirani pamene chathera, ndipo chiyezeni pa rula ya mwana wa sukulu, ya masentimita 30.

Mpando uwu uli ndi mikono ya ngodya, yonga bokosi. Tiyeza malo anai. Lembani pamodzi nafe.

Kutalika, kuchokera potsamira msana kufika kutsogolo: 60.
Kukula kwa pamwamba: 15.
Kutsika kwa mbali ya kunja: 20.
Kutsika kwa mbali ya m'kati: 20.

Mbali ya m'kati itsike kufikira italowa pakati pa mkono ndi khushoni yokhalira, kuti nsalu idzapanikizike pamenepo. Pa mpando uwu masentimita 20 akukwana.

Chophimba chimodzi chiri ndi zidutswa ziwiri. Chachikulu chimagona pamwamba ndi kutsikira mbali zonse ziwiri, ngati chishalo pa bulu. Chaching'ono chimatseka kutsogolo.

Tsono mverani lamulo limene ife tinaiwala. Msoko umadya nsalu. Pamene padzalumikizane zidutswa ziwiri, onjezani masentimita 2. Pamene padzakhale mphepete yopinda, onjezani masentimita 3.

Chidutswa chachikulu, m'lifupi: kunja, pamwamba ndi m'kati.
20 + 15 + 20 = 55
Mphepete zopinda ziwiri za m'munsi: 55 + 3 + 3 = 61

Chidutswa chachikulu, m'litali: msoko kutsogolo, kupinda kumbuyo.
60 + 2 + 3 = 65

Chidutswa chaching'ono, m'lifupi: msoko uku ndi uku.
15 + 2 + 2 = 19

Chidutswa chaching'ono, kutsika: msoko pamwamba, kupinda pansi.
20 + 2 + 3 = 25

Choncho mkono umodzi ukufuna chidutswa cha 61 kwa 65 ndi china cha 19 kwa 25.

Kodi tigule nsalu yochuluka bwanji? Kapulana imodzi imatalika pafupifupi mamita 2, ndiwo masentimita 200, ndipo m'lifupi ndi mita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Tikandanda zidutswa zazikulu zitatu: 61 + 61 + 61 = 183. Zakwana. M'mbali mukutsala kamzere ka masentimita 35, ndipo m'menemo mutuluka zidutswa zazing'ono. Kapulana imodzi ikuveka mikono itatu. Amaiwa ali ndi mipando itatu, ndiyo mikono 6. Akufuna makapulana awiri. Adziwa zimenezi asanapite ku msika, ndipo palibe wogulitsa amene angawauze kuti agule anai.

Manambala awa ndi a mpando uwu wokha. Wanu muuyeze nokha. Yezani mikono yonse iwiri, chifukwa akalipentala ena sapanga yofanana ndendende.

Mipando ina iri ndi mikono yobulungira kutsogolo. Pamenepo yendetsani chingwe kuchokera kunja, kudutsa pamwamba, kufika m'kati, kuti mupeze lifupi la chidutswa chachikulu. Za kutsogolo, ikani pepala lolimba, monga la thumba la simenti, jambulani mozungulira ndi pensulo, onjezani masentimita 2 a msoko ndi 3 a kupinda pansi, ndipo dulani pepalalo. Likhala chitsanzo chanu. Mkono wa kumanja ndi wa kumanzere zimayang'anana, choncho podula chachiwiri tembenuzani pepalalo. Mukaiwala mudzakhala ndi zophimba ziwiri za dzanja limodzi.

6. KUDULA NDI KUSOKA

Nsalu iri ndi nkhope, kumene maluwa amawala, ndi msana, kumene ali ofooka. Yalani nsalu pa tebulo kapena pa mphasa yosalala, msana uli pamwamba. Jambulani zidutswa zonse ndi choko kapena kachidutswa ka sopo wouma. Mizere yanu itsate ulusi wa nsalu, isapingase. Onani kuti maluwa a zophimba zonse ayang'ana kumodzi.

Mukajambula musadule msanga. Itanani mnzanu awerenge manambala a m'kope, inu mukuyezanso mizere. Kuona maso a nkhono nkudekha. Zikagwirizana, dulani.

Tsopano gonekani chidutswa chachikulu pa mkono wa mpando, nkhope pansi, msana pamwamba. Ikani chaching'ono kutsogolo, nachonso msana uli kunja. Lumikizani mphepete zao ndi mapini, kapena sokani ndi ulusi mwapatalipatali mongogwiriza. Mpando weniweniwo ukuuzani ngati zathina kapena zakhwepa. Chala chimodzi chizitha kulowa pakati pa nsalu ndi mkono. Ngati mikono njobulungira, kumbukirani kuti chimene mwayesera chotembenuza pa mkono wa kumanja chidzavala wa kumanzere.

Vulani, ndipo sokani msoko weniweni masentimita 2 kuchokera m'mphepete. Amene ali ndi makina asoke pa makina. Amene alibe asadandaule, dzanja limakwana. Sokani msoko wobwerera m'mbuyo: singano ituluke kutsogolo, ibwerere kukalowa pamene ulusi unathera, ndi kutulukanso kutsogolo. Msoko umenewu ngwolimba ngati wa makina. Pa sentimita imodzi singano ilowe katatu. Ulusi usatalike kuposa mkono wanu, chifukwa wautali umapota mfundo. Mukaukhuza pa kandulo umayenda bwino.

Pa ngodya ndi pamene pamavuta. Mukafika pa ngodya, chekani pang'ono m'mphepete mwa chidutswa chachikulu, osafika pa msoko, kuti nsalu ikhote bwino. Bwerezani msoko kawiri pamenepo, pakuti mpamene dzanja limagwira podzuka. Mukamaliza, zengani ulusi m'mphepete mwa msoko kuti nsalu isasololoke pochapa.

Kwatsala kupinda. Mphepete zonse za m'munsi ndi ya kumbuyo pindani sentimita 1, pindaninso masentimita 2. Ndiwo masentimita 3 amene tinaonjeza aja. Sitani ndi simbi kuti pagone, ndipo sokani.

Tembenuzani kuti nkhope ibwere kunja. Tiyeni tiveke mpando uwu tonse tikuona. Chalowa. Amai, bwerani mukhalepo ndinu oyamba.

7. KUTI CHISAGWE, NDI KUCHISAMALA

Chophimba chimene chimagwa munthu akangodzuka chimatopetsa, ndipo mapeto ake chimaponyedwa pa ngodya ya nyumba. Njira zochigwiritsa ziripo zitatu.

Yoyamba: kanikizani mbali ya m'kati pakati pa mkono ndi khushoni. Mukapinda kansanza ngati ndodo ndi kukakankhira m'menemo, nsalu siituluka.

Yachiwiri: sokerani batani pa nsalu ya mpando, mbali ya kunja cha m'munsi, ndipo pa chophimba sokerani kachingwe kokolera. Mabatani awiri pa mkono umodzi akwana.

Yachitatu ndi ya mipando ya mikono yathabwa, imene pansi pake pali mpata. Sokani nsalu ziwiri, pakati muike siponji yopyapyala kapena bulangeti lakale, ndipo m'mphepete musokere zingwe zinai zomangira pansi pa mkono.

Mapini musawasiye pa mpando. Mwana akhoza kubayidwa kapena kumeza. Muwawerenge poyamba ntchito, muwawerengenso pomaliza.

Chapani zophimba zikayamba kuda, musadikire kuti zichite bii. Yanikani chotembenuza kuti dzuwa lisasulutse maluwa. Amene angathe asoke ziwiriziwiri, china chikakhala pa chingwe china chiri pa mpando. Ndipo kumbukirani kuti siponji imayaka msanga ndipo utsi wake ngwakupha. Kandulo, koloboyi ndi ndudu zisaikidwe pa mkono wa mpando.

8. NTCHITO YA TONSE

Tamva abambo ena akunong'ona kumbuyoko kuti singano ndi ya akazi. Abambo, tikufunseni mwaulemu: atelala amene amakhala pa makonde a masitolo, ambiri ndi ndani? Amene anatiphunzitsa ife ndi bambo wa imvi. Pa mpando timakhalapo tonse, ndipo thukuta limene ladetsa mikono iyi si la amai okha. Abambo akhome misomali, ayeze, asoke. Ana a sukulu abwereke rula ndi kuona ngati masamu ali bwino.

Si nyumba iriyonse iri ndi tepi kapena sizasi yakuthwa. Mutu umodzi susenza denga. Tikupempha kuti mugawane m'magulu a anthu asanu. Gulu lirilonse lipeze tepi imodzi, sizasi imodzi ndi simbi imodzi, ndipo liziyenda nyumba ndi nyumba. Amene manja ao amanjenjemera, kapena maso safikanso pa diso la singano, agwire kope ndi kuwerenga manambala. Amene alibe sofa asaganize kuti phunziroli si lao. Kuyeza komweku ndiko kosokera chophimba cha khushoni, cha pilo, cha chishalo cha njinga ndi cha makina osokera. Ndipo amene dzanja lake lidzazolowera, anansi adzamufuna ndi ndalama m'manja.

Sabata ya mawa aliyense abwere ndi manambala anai olembedwa ndi dzanja lake m'kope: kutalika, kukula kwa pamwamba, kutsika kwa kunja, kutsika kwa m'kati. Nsalu muichape, koma musaidule. Tidzawerengera pamodzi, tidzakonzerana zolakwa pa pepala, pamene kulakwa kumafufutika ndi labala. Tikatero tidzagwira sizasi.

Mipando iwiri ya amaiwa yatsala. Alendo a ukwati akubwera mwezi wa mawa, ndipo ulendo uno akakhala m'nyumba. Gulu loyamba liyambire kumeneko Loweruka m'mawa.



MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani zifukwa zinai zimene zimathetsa mikono ya mipando. Chimene chikuchitika kwambiri m'nyumba mwanu ndi chiti?
2. Aphunzitsi a brigada analakwa zinthu ziti podula kapulana yoyamba?
3. Chifukwa chiani tiyenera kuchapa nsalu yatsopano tisanaidule?
4. Chifukwa chiani mankhwala a ku munda sayenera kufika pa mpando?
5. Ndi zinthu zina ziti za m'nyumba zimene timataya zikadali zotheka kukonza?

MASAMU

Mkono wa mpando wina ngwotalika masentimita 50. Pamwamba mpokula masentimita 12. Ukutsika masentimita 18 kunja ndi 18 m'kati. Pezani kukula kwa chidutswa chachikulu ndi kwa chidutswa chaching'ono. Musaiwale masentimita 2 a msoko ndi masentimita 3 a kupinda.

LEMBANI M'KOPE

nsalu, singano, ulusi, msoko, mkono, mpando, sentimita, mita